Waya wa tayala m'chifu cha ng'ombe ya mkaka: lipoti la nkhani ya ku Thyolo

Lipoti ili ndi la ng'ombe ya mkaka yomwe inameza kachidutswa ka waya, wayayo n'kuboola chifu chachiwiri, chomwe pantchito yathu timachitcha reticulum. Ndalembera alangizi a ziweto ndi alimi omwe amaweta ng'ombe zawo m'khola osazitulutsa kubusa. Ng'ombe yodwala chonchi kawirikawiri imayamba yabayidwa jakisoni wa matenda a nkhupakupa, ndipo pomwe munthu azidzaganizira za chifu, masiku ofunika amakhala atapita kale. Iyi inachira titaichita opaleshoni, koma vuto lake likanadziwika pa tsiku loyamba ndi manja, nsungwi ndi khutu basi.

Mbiri ya ng'ombe ndi khola lake

Ng'ombeyi ndi yosakanizika mtundu wa Friesian ndi wachikuda, ya zaka 6, yolemera pafupifupi makilogalamu 400 poyeza ndi tepi pachifuwa. Inali itaswa kachinayi masabata atatu m'mbuyomo, popanda vuto, ndipo chibelekero chinayera bwino. Mwini wake ndi mayi wina wa m'gulu la alimi a mkaka m'boma la Thyolo. M'kholamo muli ng'ombe zazikulu ziwiri ndi kathadzi kamodzi. Khola ndi la simenti pansi, malata pamwamba, losamalidwa bwino ndithu. Chakudya ndi nsenjere zodula ndi chikwanje, mapesi, komanso madeya kawiri pa tsiku nthawi yokama. Madeyawo ankawathira m'tayala la lole lodulidwa pakati.

Inkatulutsa malita 15 pa tsiku. Tsiku lina m'mawa inangopereka malita 3, madzulo 2, madeya osawayang'ana n'komwe. Mayiwo anandifotokozera motere: "Adokotala, madzulo ake inadya bwinobwino mpaka kunyambita. Kutacha ndinaipeza itangoima njo, msana utapindika, kuikoka kuti isunthe ikukana."

Mnansi wawo, yemwenso ndi mlimi wa mkaka, anaganiza za chigodola, matenda obwera ndi nkhupakupa, ndipo anaibaya mankhwala opha tizilombo a oxytetracycline, a mtundu wokhalitsa m'thupi. Poona kuti kumanzere kwa mimba kwatupako pang'ono, anaimwetsanso mafuta ophikira osakaniza ndi soda pogwiritsa ntchito botolo. Patapita masiku awiri inayamba kutola udzu pang'ono, mkaka n'kufika malita 7, aliyense n'kumati mankhwala agwira. Koma inangoima pomwepo, osapita patsogolo. Mlangizi wa ziweto wa m'deralo, yemwe anaiyeza pa tsiku lachiwiri n'kupeza kutentha kwa thupi kuli pa madigiri 39.8, ndiye anandiitana pa tsiku lachisanu.

Zomwe ndinapeza

Ndisanaigwire ndinaima kaye panja pa khola n'kumaiyang'ana, chifukwa ng'ombe ikangogwidwa ndi mlendo imabisa ululu. Inali itaima miyendo yakutsogolo pamalo okwererapo pafupi ndi chodyera, yakumbuyo m'ngalande. Zigongono zinali zitatalikirana ndi nthiti, khosi litatambasuka, mimba itakokera m'mwamba. Sinkabzikula. Pochita ndowe inkazengereza, kenako n'kutulutsa zochepa, zouma, zokhala ndi timapesi tatitali tosagayika. Poitembenuza inkatembenuka thupi lonse pamodzi, mosamala, osapinda msana.

Kutentha kwa thupi kunali 39.4, komwe n'kungopitirira pang'ono malire a ng'ombe yabwino, 38.0 mpaka 39.3. Mtima unkagunda ka 88 pa mphindi, momveka bwino mbali zonse ziwiri, popanda phokoso la madzi. Mitsempha ya m'khosi sinali yotupa, pansi pa chifuwa panalibe kutupa kwa madzi. Inkapuma ka 36 pa mphindi, mosazama, ndi nthiti zokha, mimba itauma gwa. Chifu chachikulu, rumen, chinkafinya kamodzi kokha pa mphindi ziwiri, mofooka, pomwe ng'ombe yabwino imafinya katatu kapena kupitirira pa nthawi yomweyo. Pamwamba pake panali mpweya pang'ono, pansi pake pothinana kuposa momwe ng'ombe yosadya bwino masiku asanu imayenera kukhalira. Izi zinandidabwitsa, ndipo tanthauzo lake linadzaoneka pa opaleshoni.

Ng'ombe yomwe yangoswa kumene ikasiya kudya, matenda oyenera kuwaganizira ndi ambiri, choncho ndinawachotsa limodzi ndi limodzi. Chigodola chimatupitsa anabere a pansi pa khutu ndi a kutsogolo kwa phewa, thupi n'kutentha kupitirira 40.5, apa anabere anali bwinobwino. M'maso ndi m'kamwa munali mofiira bwino, mopanda chikasu, mkodzo woyera, ndipo magazi omwe ndinapaka pagalasi anadzaonetsa kuti mulibe tizilombo ta nkhupakupa. Mawere onse anayi anali ofewa, mkaka wopanda zibuma. Chibelekero chinali chitabwerera mwakale, chopanda fungo. Ndinagogoda nthiti zakumanzere ndi zakumanja ndikumvetsera, osapeza kulira kwa mpweya komwe kumamveka chifu chachinayi chikasuntha pamalo pake. Madzi a m'chifu omwe ndinakoka ndi paipi anali ndi pH (muyezo wa asidi) ya 7, kusonyeza kuti sinakhute madeya mopitirira muyezo. Ikanatero pH ikanatsika pansi pa 5.5 ndipo ikanakhala ikutsekula m'mimba. Mumkodzo munali ma ketone pang'ono, omwe thupi limapanga likamasungunula mafuta ake, koma amenewo amabwera mwa ng'ombe iliyonse ya mkaka yomwe yakhala ndi njala.

Chinatsala ndi kufufuza ululu wa kutsogolo kwa mimba, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna kuti owerenga achedwepo.

Kuyeza koyamba ndi kutsina msana. Mumagwira chikopa cha pamsana pakati pa mapewa ndi manja onse awiri n'kuchikokera m'mwamba mwamphamvu. Ng'ombe yabwino imabwatika msana kuthawa dzanja lanu. Iyi inakana kubwatika, inauma thupi, n'kusiya kupuma kwa kamphindi. Kuyeza kwachiwiri ndi kwa mtengo. Tinadutsitsa nsungwi pansi pa chifuwa, kumbuyo pang'ono kwa zigongono, anyamata awiri atagwira uku ndi uku. Anaikweza pang'onopang'ono mpaka ng'ombe inatsamira pansungwipo, kenako n'kuisiya mwadzidzidzi. Ine ndinali nditaika stethoscope, chipangizo chomvetsera m'thupi, pakholingo. Panamveka kubuula kwakufupi, kamodzi, kochokera pansi pa mmero. Mayiwo, omwe anaima pafupi, sanamve kanthu, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri amati ng'ombe sikubuula pomwe ikubuula: patatha masiku angapo kubuulako kumachepa kwambiri moti popanda kuika khutu pakholingo simungakumve. Tinabwereza nsungwi ija kumbuyo, cha pamchombo, sinabuule. Titabwerera kutsogolo inabuulanso. Pomaliza ndinakankha ndi nkhonya kumanzere kwa fupa la pachifuwa, bondo langa likuthandizira chigongono, ndipo inanyamula mwendo kuthawa.

Ndinawauza mayiwo kuti, "Mayi, ng'ombe yanuyi ilibe chigodola. Yameza chitsulo, ndipo chikuibaya m'kati, pafupi ndi mtima."

Chithandizo choyamba

Popeza mtima unali usanakhudzidwe, ndinayamba ndi njira yosang'amba. Ndinaimezetsa maginito a ng'ombe pogwiritsa ntchito chomezetsera mankhwala, ndinayamba jakisoni wa penicillin ndi streptomycin tsiku ndi tsiku, ndi meloxicam wochepetsa ululu. Tinaimangirira malo amodzi, kutsogolo titakweza ndi matumba a dothi pafupifupi masentimita 20, kuti kulemera kwa zam'mimba kutsamire kumbuyo, kusakankhire waya kutsogolo. Njirayi imathandiza ng'ombe zambiri: waya akakhala kuti wangolowa nsonga yokha, maginito amamukoka, bala n'kudzitsekera lokha ndi minofu yomwe thupi limapanga.

Lamulo lomwe ndimatsata ndi loti pakatha masiku atatu ng'ombe isanayambe kudya ndi kubzikula, musadikirenso. Iyi pa tsiku lachitatu kutentha kunali 39.7, mtima ka 92, kubuula kuli pomwepo. Tinakhala pansi ndi banja lonse kukambirana. Bambo a m'nyumbamo ankafuna kuigulitsa kwa opha nyama isanaonde. Ndinawauza kuti nyama ya ng'ombe yomwe yangobayidwa oxytetracycline ndi streptomycin siyenera kudyedwa mpaka masiku olembedwa pabotolo atakwana, ndipo ng'ombe yodwala ogula amaitchula mtengo womvetsa chisoni. Ndinawauzanso mosabisa kuti opaleshoni ingathe kulephera ngati titapeza mafinya atafalikira. Mayiwo ndiwo anamanga mfundo yoti tiing'ambe.

Opaleshoni

Tinachita m'mawa kusanatenthe, ng'ombe itaima m'kampanda kokamira, pansi titathira madzi kuti fumbi lisauluke. Ndinameta ndi kutsuka malo olowa a kumanzere, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, n'kubaya lignocaine wa 2 peresenti mzere wa pamwamba ndi wa kutsogolo kwa malo ong'ambawo kuti pachite dzanzi. Ndinang'amba pafupifupi masentimita 20 motsatira nthiti yomaliza, kufupi nayo ndithu, chifukwa mukang'amba kumbuyo kwambiri mkono sufika ku reticulum.

Ndisanatsekule chifu, dzanja likadali loyera, ndinayamba ndapapasa m'mimba monse. Kumbuyo ndi kumanja kunali bwino. Kutsogolo, pakati pa reticulum ndi mnofu womwe umatchinga chifuwa ndi mimba, ndinapeza malo omatirira okula ngati chikhatho. Amenewa sindinawakhudze. Kumatirirako ndi mpanda womwe thupi lamanga kuti mafinya asamwazike, ndipo wouphwanya amasandutsa bala laling'ono kukhala matenda a m'mimba monse.

Kenako ndinakokera khungu la chifu chachikulu panja n'kulisokerera kuchikopa kuzungulira bala lonse, kuti pasadutse ngakhale dontho la zam'chifu kulowa m'mimba. Ntchito imeneyi imatenga nthawi, koma ng'ombe zambiri zomwe zimafa pambuyo pa opaleshoniyi zimafa chifukwa apa panathamangidwa. Nditatsekula chifu ndinachotsa udzu wa pamwamba, ndipo pansi pake dzanja linagunda chinthu cholimba chomwe chija ndinachimva ndili panja: mtolo wa majumbo a pulasitiki opiringizana ndi ulusi wosokera matumba ndi chidutswa cha chingwe cha nayiloni. Sunkatheka kutuluka wonse, ndinachita kuudula zidutswa. Titauika pasikelo yoyezera madeya unakwana makilogalamu 4.

Nditachotsa zimenezo ndinalowetsa mkono mpaka paphewa, kutsata khoma la chifu kutsogolo ndi pansi, kudutsa mpindiko womwe umalekanitsa zifu ziwirizi. M'kati mwa reticulum muli timabowo tooneka ngati chisa cha njuchi, ndipo aliyense amene anatsukapo zam'kati za ng'ombe amatidziwa. Maginito anali momwemo, atagwira misomali iwiri yaing'ono ndi tizidutswa ta dzimbiri. Khoma lakutsogolo linali lolimba, losatheka kulitsina n'kulikoka, chizindikiro choti kuseri kwake n'komatirira. Ndinayenda ndi chala kabowo ndi kabowo mpaka ndinamva kansonga kotulukira masentimita 2 okha. Ndinakakoka pang'onopang'ono motsata momwe kanalowera. Anali waya woonda, wolimba, wa masentimita 7, wopindika pang'ono kumapeto, n'chifukwa chake maginito analephera kumuzula. Analoza kutsogolo ndi pansi, komwe kuli mtima, ndipo kunsonga kwake kunali mafinya. Chotupa cha mafinya sindinachipeze, ndipo khomo lolowera m'chifu chachitatu linkafinya chala changa bwinobwino.

Maginito ndinawapukuta n'kuwabwezera. Ndinathiramo udzu wabwino ndi malita 4 a madzi a m'chifu omwe tinakoka kwa ng'ombe inzake ya m'khola lomwelo, kuti tizilombo togaya udzu tibwerere msanga. Chifu ndinachisoka mizere iwiri yopindira m'kati ndi ulusi wosungunuka wokha, ndinasintha magolovesi ndi zipangizo, kenako minofu ndi chikopa.

Nditasamba m'manja tinapita ndi mayiwo pachodyera chija. M'mphepete mwa tayala, momwe mpeni unadutsa, mphira unali utadyeka ndipo timawaya tinali titatuluka mzere wonse, tina todzimbirira, tothyoka ndi chala chokha. Titayerekeza ndi yemwe ndinamuchotsa, anali yemweyo. Ng'ombe inkanyambita madeya otsalira m'mphepetemo tsiku lililonse.

Momwe inachirira

Jakisoni anapitirira masiku asanu. Mawa lake inadya nsenjere pang'ono, tsiku lachiwiri inayamba kubzikula, ndipo kutentha kunatsikira pa 38.8. Madeya tinawabwezera pang'onopang'ono patatha sabata. Pansi pa bala panatupa pang'ono ndi madzi, koma panaphwa pokha, ndipo ulusi wa pachikopa ndinauchotsa pa tsiku la 14. Mkaka wonse wa nthawi ya mankhwala unatayidwa. Ndikudziwa kuti kutaya mkaka kumawawa pakhomo pomwe ndalama ya sopo ndi ya sukulu imachokera m'chigubu chomwecho, koma mkaka wa mankhwala ukalowa m'thanki ya gulu umaononga wa alimi onse, ndipo omwa ake ndi ana. Patatha masabata 6 inali pa malita 11. Pa 15 sinabwererenso m'nyengo imeneyo.

Zoti tikambirane

Ng'ombe simasankha chakudya ndi milomo monga zichitira mbuzi ndi nkhosa. Imakolola ndi lilime, kutafuna pang'ono, n'kumeza, podalira kuti idzabzikula pambuyo. Timinga ta palilime ndi m'masaya timaloza kummero, choncho chomwe chalowa m'kamwa sichilavulika. Chitsulo, pokhala cholemera, chimagwera mu reticulum, yomwe ili pansi penipeni pa khomo la mmero, n'kukodwa m'timabowo tija. Chifu chimenechi chimafinya mwamphamvu pafupifupi mphindi iliyonse, usana ndi usiku, ndipo pakati pa icho ndi thumba lokuta mtima pali masentimita ochepa chabe. Bere likakula, kapena ng'ombe ikamakankha poswa, zonse za m'mimba zimapanikizira kutsogolo. N'chifukwa chake matendawa amakonda kuonekera chakumapeto kwa bere ndi masabata oyamba ng'ombe itaswa. N'zotheka kuti waya uyu anamezedwa kale, kuswa n'kumene kunayamba kumukhomera.

Chomwe chimasocheretsa anthu ndi mayendedwe a matendawa. Tsiku loyamba ndi lachiwiri zizindikiro zimakhala poyera: mkaka kugwa mwadzidzidzi, msana kupindika, kukana kuyenda, kubuula pogona ndi podzuka. Kuyambira tsiku lachitatu thupi limakhala litamanga mpanda kuzungulira bala, ululu umachepa, kutentha kumatsika, ng'ombe n'kuyamba kutola udzu. Ngati inabayidwa jakisoni, ulemu umapita kwa jakisoniyo. Koma waya akadali momwemo. Akapitirira kutsogolo amaboola thumba la mtima, mafinya n'kudzaza m'menemo. Pamenepo mtima umagunda kupitirira ka 100, kugundako kumamvekera patali, mitsempha ya m'khosi imatupa, pansi pa chibwano ndi pachifuwa pamadzaza madzi, ndipo ng'ombe yotere sindinama, siichira. Akalowera kumanja angapange chotupa cha mafinya pafupi ndi chiwindi. Nthawi zina kumatirira kumalepheretsa chakudya kudutsa kupita m'chifu chachitatu, ng'ombe n'kumatupa mimba kumanzere konse ndi pansi kumanja, ikuonda mwezi ndi mwezi, matenda omwe timawatcha vagal indigestion.

Sindikunena kuti tisiye kuganizira za chigodola. Kuno kwathu chimapha ng'ombe zachizungu zambiri, ndipo mlimi amene amachiopa ali ndi chifukwa. Koma chigodola chili ndi zizindikiro zake, ndipo kugwira anabere ndi kuyeza kutentha sikutenga mphindi zisanu. Ng'ombe ya mkaka yomwe dzulo inali bwino, lero mkaka wagwa kupitirira theka, kutentha kuli pakati pa 39.5 ndi 40, anabere ali bwino, iyenera kutsinidwa pamsana ndi kuyezedwa ndi mtengo jakisoni asanatuluke m'chikwama. Za mafuta ndi soda, ndimapempha alimi kuti asamamwetse ndi botolo ng'ombe yomwe sikumeza bwino, chifukwa mafuta akalowera m'mapapo amayambitsa chibayo chovuta kuchiza.

Waya wa m'matayala si vuto la kuno kokha. Ku Britain, komwe alimi amatsindira udzu wosunga ndi matayala akale, madokotala a ziweto amawatchula matayalawo ngati gwero lalikulu la matendawa. Kwathu kuno pamawonjezekera mawaya omangira mitengo ya khola, misomali ya malata yogwera m'chodyera pokonza denga, ndi udzu womwetedwa m'mphepete mwa msewu kapena pamalo pomwe anaotcherapo matayala. Ng'ombe ya m'khola imadya chomwe yapatsidwa, choncho chitsulo chilichonse chomwe chili m'mimba mwake chinabwera ndi dzanja la munthu kapena chinali m'khola momwemo.

Majumbo aja ndi nkhani ina yomwe ikanadzaipha ng'ombeyi pang'onopang'ono ngakhale pakanapanda waya. Pulasitiki sigayika ndipo sidutsa. Imangounjikana, kulanda malo a udzu, ng'ombe n'kumaonda ikudya. Ng'ombe zimakonda jumbo yomwe munali mchere, mafuta kapena zakudya, makamaka zikamasowa mchere wa m'thupi monga phosphorus. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 (muyezo wa kuchindikala kwa pulasitiki) m'chaka cha 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, komabe m'nsenjere za m'mbali mwa misewu ndi misika majumbo akupezekabe. Maginito sagwira pulasitiki, monganso sagwira waya wa kopa kapena aluminiyamu. Mankhwala ake ndi kukutumula udzu usanadulidwe, kuchotsa ulusi wa thumba la madeya n'kuutaya kutali, ndi kuika mwala wa mchere wonyambita m'khola.

Pakhomo pa mayiwa tayala lija linachotsedwa tsiku lomwelo, ndipo anamanga chodyera cha njerwa ndi simenti. Mawaya a m'mitengo ya khola tinawasintha ndi zingwe, zomangira kunja komwe lilime silifika. Ng'ombe yachiwiri, yomwe inkadyera m'tayala lomwelo, ndinaimezetsa maginito ngakhale inalibe chizindikiro chilichonse, ndipo kathadzi kadzamezetsedwa kakakwanitsa chaka. Maginito amodzi amakwanira moyo wonse wa ng'ombe. Ndinalemba m'kaundula wa khola kuti ziwirizi zili nawo kale, kuti wina asadzawonjezere achiwiri. Ng'ombe yochitidwa opaleshoniyo inaonetsa zizindikiro zofuna nkhunzi patatha miyezi iwiri, inapatsidwa umuna, ndipo poiyeza pambuyo pake ndinapeza kuti yatenga bere.